Mmene Mbumba Inasandukira Ovina

Pakabuka mkangano wa jenda, kaya pa wailesi kaya pabwalo la mfumu, sipalephera kupezeka anthu awiri amene zonena zawo timazidziwa asanatsegule pakamwa. Wina amati zonsezi n'zachilendo, zinabwera ndi mabungwe utatha msonkhano wa ku Beijing wa 1995, ndipo makolo athu ankadziwa bwino kuti mwamuna ndiye mutu wa banja. Mnzakeyo amati chikhalidwe chathu chakhala chikupondereza amayi kuyambira kalekale, kotero chingosiyidwa. Awiriwa amatha kukangana mpaka mawu kusasa, koma pali mfundo imodzi imene amagwirizana osazindikira: onse amakhulupirira kuti kalankhulidwe kamene kamaika mkazi pambuyo pa mwamuna n'kamakolo, kuti tinakapeza. Mbiri ya kumapiri a Dedza ikutsutsa zimenezi. Ambiri mwa mawu amene lero timawamva ngati achikhalire ndi ana a dzulodzulo, ndipo ena mwa mawu akale enieni anasungidwa koma atachotsedwa mphamvu. Tsankho limene limavuta kuligwira m'Chichewa silikhala m'mawu otukwana, chifukwa amenewo aliyense amawamva ndipo mfumu imatha kulipitsa. Limabisala m'mawu aulemu.

Bembeke ndi malo abwino oonerapo zimenezi chifukwa onse amene anasintha banja la Mchewa anadutsa pamenepa n'kusiya mapazi. Kum'mawa kwake dziko limatsetsereka kupita ku Mua ndi ku Mtakataka. Kumadzulo, kungodumpha msewu wa M1, ndi ku Angonia m'dziko la Mozambique. Dera ndi la Inkosi Kamenyagwaza, ufumu wa Chingoni, koma chilankhulo cha pakhomo ndi pamsika ndi Chichewa. Pamtunda pali mishoni imene ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mu 1910, patatha zaka 8 chiyambireni ya ku Mua, ndipo pamenepa mpomwe pali tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Dedza. Chakumpoto kwa boma la Dedza kuli mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera za kumeneko zinapangidwa ndi amayi pophunzitsa atsikana kuchinamwali. Ndiye kuti zina mwa zolembedwa zakale kwambiri za kuderali anazilemba ndi akazi, polankhula ndi akazi anzawo.

M'mudzi wa Achewa wakale munthu ankadziwika ndi bere limene anachokera. Anthu a bere limodzi ndiwo anali eni mudzi, ndipo minda inkayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi. Mwamuna akafuna banja ankanyamuka kukakhala kwa mkazi. Kumeneko anali mkamwini, munthu wa eni ake, wolima munda wa apongozi ndi kumanga nyumba pamalo amene amulozera. Ana anali a kuchikazi. Banja likavuta, wonyamula mphasa n'kubwerera kwawo anali mwamunayo. Mbumba ya munthu inali alongo ake pamodzi ndi ana awo, ndipo iye monga nkhoswe ankaiyimira pa milandu, pa ukwati ndi pa maliro. Chofunika kuchimvetsa apa n'chakuti unkhoswe unali ntchito yokhala ndi eni ake. Mwamuna wopanda mbumba sakanatha kukhala mwini mudzi, pakuti analibe anthu. Ndipo mfumu ikamwalira, amayi akuluakulu a banjalo ankakhala ndi mawu olemera posankha wolowa dzina, monga zimachitikirabe m'midzi yambiri. Ngakhale pamwamba penipeni pa ufumu wa Amaravi, Kalonga ankayenera kubadwa mwa Nyangu, ndipo pakachisi wa mvula wa ku Msinja wamkulu anali mkazi, Makewana. M'dongosolo limeneli mwamuna wa m'nyumba sakanatchedwa mutu wa chilichonse. Anali mlendo wolemekezeka, nthawi zina wosalemekezeka n'komwe.

Zinthu zinayamba kupendekeka m'zaka za m'ma 1800. Wolemba mbiri Kings Phiri anaonetsa mu 1983 kuti malonda a akapolo anapatsa amuna ena njira yozembera chikamwini: mkazi wogulidwa analibe nkhoswe, kotero ana ake ankakhala a bambo. Kenako kunabwera Angoni a Maseko, amene anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870 n'kulamulira mapiri onsewa mpaka Angerezi atapha Gomani woyamba mu 1896. Iwo anabwera ndi malowolo, ndi ufumu woyenda kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana, ndi mudzi womangidwa mozungulira khola la ng'ombe za mwamuna. Komatu apa mbiri inachita zoseketsa. Ankhondowo anakwatira akazi a anthu amene anawagonjetsa, ana anakula akulankhula chilankhulo cha amayi awo, ndipo pofika nthawi imene Margaret Read ankachita kafukufuku pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, Chingoni chinali chitatsalira m'nyimbo, m'mayina aulemu ndi m'kamwa mwa okalamba ochepa. Amene anapambana ndi mkondo anagonja pamtondo ndi pamoto. Chimene chinatsala ndi kusakanikirana kumene tikukuona mpaka lero ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene chikamwini ndi chitengwa zimapezeka m'mudzi umodzi, ndipo mwamuna amene akufuna kutengera mkazi kwawo amapemphabe kwa eni mbumba.

Atsamunda sanabwere ndi maganizo ofuna kusintha mawu, ankafuna msonkho. Koma msonkho wa nyumba, umene unayamba m'zaka za m'ma 1890 pa mashilingi atatu, unkafuna dzina limodzi pa nyumba iliyonse, ndipo kalaliki wa boma ankalemba la mwamuna. Motero mkamwini, amene pamudzi sakanatha kudula ngakhale mtengo osapempha, m'kaundula wa boma anasanduka mwini nyumba. Malamulo a 1912 ndi 1933 okhudza mafumu anapatsa mphamvu anyakwawa ndi mafumu akuluakulu monga maso a bwanamkubwa, koma sanatchule paliponse amayi amene ankawasankha. Pofuna ndalama ya msonkhoyo amuna anayamba ulendo wa ku Halale ndi ku Joni, ena mpaka kutchona, ndipo ndalama, njinga ndi jekete zinabwera m'mudzi kudzera m'manja mwa mwamuna. Khasu linatsala ndi mkazi, koma alangizi a zaulimi atayamba kuyendera midzi ankafunsa bambo, pamene amayi ankawasonkhanitsa kuti awaphunzitse kusoka ndi kuphika. Mawu akuti “mayi wapakhomo”, amene amanenedwa mwaulemu ndithu, ndi a nthawi imeneyi, ndipo amanena za munthu amene tsiku lake lonse limathera kumunda ndi kudimba ngati kuti sachoka pakhonde.

Mishoni ndiyo inafika pakatikati pa nkhaniyi, chifukwa inagwira ukwati weniweniwo. Kwa ansembe a ku Bembeke ndi ku Mua, monganso kwa abusa a ku Nkhoma, banja lachikhristu linali bambo, mayi ndi ana awo, lomangidwa kamodzi osamasulidwa, ndipo udindo wa ana unali wa bambo wowabereka osati malume. Chikamwini ankachiona ngati gwero la kutha kwa maukwati, chifukwa mkazi wokhala pakati pa abale ake sankaopa kuuza mwamuna kuti anyamuke. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, ndipo Akatolika atatulutsa Malembo Oyera mu 1966, chiphunzitso cha m'kalata ya kwa Aefeso chakuti mwamuna ndi mutu chinalowa m'maulaliki, m'malangizo a ukwati, kenako m'kamwa mwa ankhoswe enieniwo, mpaka lero chikunenedwa pachinkhoswe ngati mwambi wa makolo. Tiyang'anenso mmene mpingo unabwerekera mawu. Wopereka nsembe kwa Chauta kale ankatha kukhala mkazi. “Wansembe” wa mumpingo ndi mwamuna basi. Mkulu wa parishi anatchedwa Bambo Mfumu. “Ambuye”, mawu amene kumidzi ya m'chigawo chapakati mwana amaitanira agogo ake, aakazi ndi aamuna omwe, anakhala dzina la episkopi. Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala wansembe wa Katolika mu 1937, ndiye anakhalanso Mmalawi woyamba kutchedwa choncho atadzozedwa mu 1957 kuti atsogolere Dedza. Ndipo akhristu onse pamodzi anatchedwa mbumba ya Mulungu. Kumasulira kumeneku kunali kwaluso, sitingakane. Koma m'tchalitchi mbumba inakhala anthu oweteredwa, okhala pansi n'kumamvetsera, ndipo mbali ija yakuti mbumba ndiyo imasankha ndi kudzudzula nkhoswe yake inatsala panja.

Amene anamaliza ntchitoyi ndi Kamuzu Banda, ndipo ankadziwa chimene akuchita. Mu 1946, ali ku Britain, iye ndi Cullen Young anatulutsa buku lotchedwa Our African Way of Life, mmene anafotokozera Azungu za unkhoswe ndi mbumba. Atabwerera kumudzi mu 1958 anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'dziko muno anakhala mbumba yake. Kunena zoona, amayi ena anapezapo pothawira: mwamuna womenya mkazi ankaopa kuti akamunenera ku chipani. Koma nkhoswe imeneyi sinasankhidwe ndi mbumba ndipo mbumba sikanatha kuikhazika pansi. Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pomenyera ufulu, anathawa m'dziko pambuyo pa chisokonezo cha nduna cha 1964. Vera Chirwa anagwidwa mu 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, ndipo anatuluka m'ndende mu 1993. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi kwa zaka 20. Bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi, limene linayamba mu 1985 pansi pa Mama Cecilia Kadzamira, linkatchula chitukuko, koma chimene anthu amakumbukira ndi malole odzaza amayi ovala nsalu ya nkhope ya Ngwazi, atasiya minda ndi ana, kupita kukavina. Mufunse wachinyamata wa lero tanthauzo la “mbumba za Kamuzu”, adzakuuzani za ovina. Zipani zimene zinabwera 1994 itadutsa zinangosintha mtundu wa nsalu.

Pali amene amatsutsa zonsezi ponena kuti Chichewa sichingakhale ndi tsankho, popeza “iye” ndi mkazi ndi mwamuna yemwe, ndipo mfumu, mphunzitsi, mlimi ndi sing'anga ndi mawu osasankha. Galamala yake ndi yoona, koma anthu salankhula galamala yokha. Ngati “mfumu” sisankha, n'chifukwa chiyani timawonjezera “yaikazi” pomwe sitinena “yaimuna”? Imani pamsika wa pamphambano ya Bembeke basi ikaima. Amayi amathamangira pamawindo ndi mabeseni a kachewere wosanjidwa mpaka nsonga, kabichi m'khwapa, ndalama zomangidwa pamfundo ya chitenje, ndipo amawerenga chenji mofulumira dalaivala asanaponde moto. Amenewa timati akuchita geni, kapena kageni. Mwamuna amene waima chapatali ndi matumba a mbatata yomweyo, kudikira lole ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, timati ali pa bizinesi. Kusiyana kwa mpamba kulipo, koma mayi akakweza mpamba wake mpaka kudzaza lole timayamba kufunsa kuti amuna ake ndani. Mtsikana akapambana mayeso timamuyamikira kuti wachita chamuna. Mnyamata woyendayenda timamuseka mwachikondi kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mawu a mtsikana wochita zomwezo ndi oti sitingawalembe bwino pano. Banja likatha timati mkaziyo banja lamukanika. Ndipo Joyce Banda atakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, mwambi wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo unamveka ponseponse, ngakhale ngolo yeniyeniyo inafika kuno mochedwa kuposa Makewana.

Kutsutsa kwina n'kolemera kuposa kumeneku, ndipo kumachokera kwa omenyera ufulu wa amayi enieniwo. Iwo amati kukamba za mbumba yakale n'kudzinamiza ndi dziko lokoma limene silinakhaleko. Nkhoswe inali mwamuna. Mkazi sankadziyankhulira yekha pabwalo. Malume ankatha kupereka mwana wa mlongo wake kuti alipire mlandu. Anamkungwi, amene anali akazi, ndiwo ankaphunzitsa namwali kugwada, kupirira ndi kusakana mwamuna, ndipo mwambo wa fisi sunabwere ndi sitima. Nyimbo zina za kudambwe zimanyoza thupi la mkazi mosabisa. Ngakhale mneni weniweniwo, wakuti mwamuna amakwatira pamene mkazi amakwatiwa, ndi wakale kuposa mishoni iliyonse. Zonsezi n'zoona, ndipo Isabel Apawo Phiri m'buku lake la 1997 lonena za amayi a Chichewa mu Sinodi ya Nkhoma sanabise mbali iliyonse mwa ziwirizi. Koma mfundo pano si yakuti kale kunali kufanana. Mfundo ndi yakuti mphamvu zinali zogawikana: mwamuna wa m'nyumba anali ndi zake, mlongo wa mkazi zake, amayi akuluakulu zawo, ndipo mkazi wozunzidwa ndi mmodzi ankatha kutsamira kwa wina ali pa nthaka yakeyake. Zimene zinachitika pakati pa 1870 ndi 1970 n'zakuti mphamvu zomwazikanazo zinasonkhanitsidwa m'manja mwa munthu mmodzi, mwamuna wa m'nyumba, kenako n'kupatsidwa dzina lakuti mwambo. Zopondereza zakale zinasungidwa bwinobwino. Zimene zinatayika ndi zotetezera.

Sitingaiwalenso kuti mishoni yomweyo inatsegula makomo amene mudzi sunawadziwe. Chipani cha masisitere a Teresian, chimene Episkopi Mathurin Guillemé anayambitsa mu 1929, chinapatsa mtsikana wa kuno mwayi wokana ukwati osatchedwa mbeta yosowa woifuna, ndipo pa Bembeke pomwepo pali koleji ya St Joseph's imene imasula aphunzitsi aakazi. Ufumu wa Chingoni nawonso unatulutsa Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya ulembi ku koleji ina ku Zomba kwa zaka 27 asanaitanidwe kukalowa ufumu ku Mtakataka mu 2003. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati a ana oposa 800, ndipo anyakwawa olekerera ankawaimitsa paudindo. Nyuzipepala zakunja zinkamulemba ngati munthu wolimbana ndi chikhalidwe chake. Kunena mosamala, iye ankagwira ntchito yeniyeni ya nkhoswe, yoteteza ana a mbumba kwa ofuna kuwadyera, ndipo ankaigwira ndi mphamvu za ufumu, lamulo la ukwati la 2015 lisanabwere n'komwe kudzaika zaka 18, ndiponso malamulo aakulu a dziko asanakonzedwe mu 2017. Anthu amene ankamunena kuti akuononga mwambo ankateteza chinthu chaching'ono msinkhu kuposa chimene iye ankachita.

Otsiriza ndi amene amati mawu ndi mphepo chabe, tikambe za feteleza ndi malo. Koma feteleza ndi malo zimagawidwa ndi mawu. Makuponi a zipangizo zaulimi zotsika mtengo atayamba mu 2005, kalembera ankayenda ndi funso lomwe lija la kalaliki wa msonkho: mutu wa banja ndani? M'mudzi wa chikamwini yankho laulemu, limene mayi mwini munda amapereka yekha alendo akafika, ndi lakuti “ndi abambo”, ndipo dzina lolembedwa limakhala la munthu amene banja likatha adzachoka. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limakamba za ntchito za m'boma ndi nkhanza, koma silifika pa funso limeneli. Pauline Peters, amene anafufuza kwa zaka zambiri m'midzi ya chikamwini ku Zomba, anachenjeza kuti ndondomeko ya malo ya 2002, pofuna kuti ana aamuna ndi aakazi azilandira mofanana, ikanatha kulanda amayi a m'madera otere chimene anali nacho kale, chifukwa olemba ake ankaganiza kuti mkazi kulikonse amayambira popanda kanthu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linayesa kusamala: linati komiti ya malo ya m'mudzi ikhale ndi anthu 6 osankhidwa, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Komabe komiti imangoona zimene zabwera pa fomu. Dimba la kachewere ku Bembeke likalembedwa m'dzina la mkamwini chifukwa mkazi wake anachita ulemu pamaso pa alendo, chikalatacho chidzakhalapo mwamunayo atamwalira, ndipo abale ake adzabwera nacho m'manja kudzakambirana ndi ana aakazi a malemu za munda umene agogo awo aakazi anaswa mphanje.